Ndodo yopepuka ya baitcaster: momwe mungaponyere tinyambo ting'onoting'ono chingwe osapiringizana

Nkhani yake imayamba mofanana nthawi zonse. Mlamu wabwera kuchokera ku Joni, wakusiyirani reel, kamakina kopukusira chingwe, ya baitcaster, mwamangirira kanyambo kakang'ono, mwaponya kamodzi. Kanyamboko kagwera pamapazi panu, chingwe chatupa pa spool ngati tsitsi la mwana amene wathawa chipeso sabata yonse. Kenako foni yanga imalira: "Achimwene, chinthuchi n'chakufa eti?" Si chakufa ayi. Funsoli ndaliyankha pa WhatsApp, ndaliyankha padepoti, ndipo tsiku lina pamaliro ku Chinamwali bambo wina anandikokera kuseri kwa tenti n'kunditulutsira reel m'thumba la jekete. Ndiye ndati ndilembe kamodzi, wofunsa ndizingomulozera pano.

Tigwirizane kaye pa mayina. Reel ya spinning ndi ija imalendewera kunsi kwa ndodo. Poponya, spool yake siyenda, chingwe chimangosololoka chokha. Baitcaster imakhala pamwamba pa ndodo, ndipo spool yake, kaja kozungulira kokulungapo chingwe, imayenera kuzungulira kuti chingwe chituluke. Imene imaizungulitsa ndi nyambo yanuyo ikamauluka. Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Nyambo yolemera imakoka spool mosavuta. Kanyambo ka magalamu atatu kali ngati mwana wa sitandade 1 amene mwamuuza kuti akoke ngolo: kuyamba n'kovuta, ndipo ngoloyo ikangoyamba kuyenda, kuiimitsa n'kovutanso.

A ku Japan ndi amene anathana nalo vutoli. M'nyanja zawo nsomba za bass zinaona nyambo zambiri mpaka zinachenjera, ndiye asodzi anayamba kupepukitsa spool ndi kufewetsa ndodo kuti aziponya tinthu ting'onoting'ono ndi baitcaster. Kawedzedwe kameneka amakatcha BFS, ndipo zilembo zitatuzi ndi zomwe muzifufuza pogula.

Ndinene chilungamo musanawononge ndalama. Ngati mukungofuna ndiwo, nsungwi, mbedza ndi nyongolotsi zikukwanirani. Ngati mukufuna kuponya tinyambo topanga popanda mutu kupweteka, gulani spinning, ndi yotchipa komanso mwana amaiphunzira tsiku limodzi. Baitcaster yopepuka ili ndi ubwino umodzi waukulu: chala chanu cha manthu chimakhala pa spool, ndiye mutha kuimitsa nyambo m'malere, n'kuitsitsa mwakachetechete pakampata kapakati pa bango ndi nthambi yogwera m'madzi, pomwe nsomba yabisala. Ngati zimenezo n'zomwe zimakusowetsani tulo, tiyeni.

1. Yambani ndi kulemera kwa nyambo, osati ndodo

Ambiri amagula ndodo kaye, kenako n'kumafunsa kuti aponye chiyani. Tembenuzani. Yalani tinyambo tanu pamphasa, mudziwe kulemera kwa kalikonse. Ngati mulibe kasikelo kakang'ono, nazi zoyerekezera: chitsekerero chachitsulo cha botolo la Fanta chimalemera pafupifupi magalamu awiri, ndipo pepala limodzi la A4 la muofesi ndi magalamu asanu. Kawedzedwe tikukamba pano kamakhala pakati pa magalamu 2 ndi 7.

Zolembedwa pamapaketi nthawi zambiri zimakhala mu ma ounce, ndiye sungani izi pamtima: 1/16 ndi pafupifupi magalamu 1.8, 1/8 ndi 3.5, ndipo 1/4 ndi 7. Sipina, kanyambo ka kachitsulo kozungulira m'madzi, ya Mepps Aglia nambala 1 imalemera magalamu 3.5, nambala 2 ndi 4.5. Rapala Countdown, kansomba kochita kupanga komira, ya masentimita 5 ndi magalamu 5, ndipo ndi imene ndimapatsa wophunzira aliyense chifukwa imauluka mowongoka. Kambedza kokhala ndi kamtovu kumutu, kaja amati jighead, musakawerengere mtovu wokha; kanyongolotsi kapulasitiki komwe mwabaya nakonso kali ndi kulemera kwake, moti ka 1.8 katha kufika magalamu atatu kapena anayi.

Chenjezo: kulemera si zonse. Kansomba ka mtengo wa balsa koyandama ndi kasipuni kachitsulo zitha kufanana pasikelo, koma kasipuni kamaboola mphepo pomwe ka balsa kamapepeluka ngati tsamba la chimanga. Musaphunzirire pa ka balsa.

2. Werengani zolembedwa pandodo, kenako muipinde

Pamwamba pang'ono pa chogwirira pamakhala tizilembo. Yang'anani zinthu zitatu.

Choyamba, kulemera kwa nyambo. Mukufuna ndodo yolembedwa 1–7 g kapena 2–10 g, kapena zoyandikira pamenepo. Ikalembedwa 7–21 g kapena 10–30 g, ndi ndodo yabwino koma si ya ntchito ino, ndipo ndi imene imabwera ndi alamu ambiri. Nyambo yomwe muziponya kawirikawiri ikhale pakati pa manambala awiriwo, osati kumapeto. Nambala ya m'munsi ija opanga amakonda kuikometsera.

Chachiwiri, mphamvu. UL ndi yofewa kwambiri, L ndi yofewa, ML ndi yolimbirako. Ine ndimalangiza L. UL imakoma pa tinsomba ta mumtsinje, koma bass ikathawira m'udzu mudzalakalaka thunthu lolimba loitembenuzira.

Chachitatu, kutalika. 5'6" ndi pafupifupi mamita 1.68, 6'0" ndi 1.83, 6'6" ndi 1.98. M'timitsinje ta m'mphepete mwa phiri, momwe nthambi zimakugwira chipewa, yaifupi ndiyo mnzako. Padamu yaitali imafika patali. Wogula imodzi yokha atenge ya mamita 1.8 kapena kuposerapo pang'ono.

Onetsetsaninso kuti ndi ndodo ya baitcaster: timphete todutsa chingwe timayang'ana kumwamba, n'tating'ono kuyambira koyamba, ndipo kunsi kwa pokhala reel kuli kanyanga kokolekapo chala. Ya spinning ili ndi kamphete koyamba kakakulu, ilibe kanyanga. Musaphatikize.

Tsopano chofunika kuposa zolembazo. Mangirirani nyambo yanu, ilendewere, ndipo mugwedeze dzanja pang'ono. Nsonga ya ndodo iyenera kuvomera, kuwerama n'kudzukanso. Ikangoti njo ngati mpini wa khasu, ndodoyo siidzaponya kanyamboko, ngakhale alembepo zotani. Chifukwa chake n'chakuti ndodo ndiyo imaponya, osati mkono wanu. Imapindika, n'kuwongoka, ndipo powongokapo ndi pomwe imaulutsa nyambo, monga mmene mphira ya legeni imachitira ndi mwala. Ndodo yosapindika imakukakamizani kukwapula ndi mphamvu, ndipo kukwapulako ndi komwe kumatupitsa chingwe.

Gunditsani nsonga padenga pang'onopang'ono muone pomwe ikupindikira. Ikapindika kunsonga kokha, ndi ija amalemba kuti Fast kapena Extra Fast: imamva bwino nsomba ikajompha, koma siikhululukira wophunzira. Ikapindika kufika gawo limodzi mwa magawo atatu kapena chapakati, ndiyo yoyambira. Zina zili ndi nsonga yosabowoka mkati, amati solid tip, yopyapyala ngati kamtengo ka machesi; imapindika msanga ndi tinyambo topepuka, koma imafuna ulemu.

Kuno ku Zomba ndodo zotere sizipezeka pamsika, zimachita kuyitanitsidwa pa intaneti kapena kutumiza munthu. Itanitsani yodukizadukiza, ya zigawo ziwiri kapena zinayi. Ya chigawo chimodzi singafike yamoyo.

3. Spool ikhale yopepuka ndi yosaya

Pano sindichedwapo. Spool ya baitcaster wamba imapitirira magalamu 12 ndipo ndi yakuya, imameza chingwe chambiri. Ya BFS imakhala pansi pa magalamu 10, yosaya, nthawi zambiri yobowolabowola. Shimano ili ndi Aldebaran BFS ndi Curado BFS, Daiwa ili ndi Alphas Air, ndipo kwa ife a matumba obooka kuli zonga KastKing Zephyr. Reel ya alamu ija mutha kuigulira spool yosaya ngati ilipo ya mtundu wake, koma yang'anitsitsani nambala ya reel, pakuti spool sizibwerekana ngati mabatire a wailesi. Popanda kutero, reel imeneyo isungireni nyambo za magalamu 10 kupita m'tsogolo.

4. Chingwe chochepa, chokulungidwa mothina

Chingwe chilichonse chomwe mwakulunga chimawonjezera kulemera kwa spool. Mamita 40 kapena 50 akwana. Ndikudziwa, mtima umafuna kudzaza chifukwa mwagula mamita 150, koma kanyambo ka magalamu anayi kawirikawiri simudzakaponya kupitirira mamita 25, ndiye enawo ndi katundu chabe. Siyani kampata pakati pa chingwe ndi m'mphepete mwa spool.

Wophunzira ayambe ndi nayiloni wamba wa 6 lb, nambala yosonyeza kulimba kwake. Ndi wotchipa, ndipo mudzadula wambiri. Mukazolowera, pitani ku braid ya PE 0.6 kapena 0.8 (manambala a kunenepa kwake), chingwe choluka chija chosatamuka. Yopyapyala kuposa pamenepo imalowerera pakati pa inzake mukakoka mwamphamvu, ndipo mukadzaponyanso imangoti khu, nyambo n'kuduka n'kupita yokha. Braid imatereranso pa spool, ndiye imangeni kudzera pakabowo kapena muikepo kachidutswa ka tepi. Pokulunga, wina agwire chingwe ndi kansalu konyowa kuti chilowe mothina.

Kumapeto kwa braid lumikizani chingwe chosaoneka m'madzi, fluorocarbon ya 6 kapena 8 lb, chotalika osafika mita imodzi, kuti mfundo isamalowe mu reel. Timphete ta ndodozi n'tating'ono. Mfundo yaikulu imagunda kalikonse potuluka.

Kenako drag, kanyenyezi kaja kali pafupi ndi chopukusira, kamene kamalola nsomba kukoka chingwe chisanaduke. Chingwe cha 6 lb chimaduka pa makilogalamu pafupifupi 2.7, ndipo drag iyenera kulola pa gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a pamenepo. Thirani madzi okwana mamililita 750, botolo limodzi ndi theka la aja a theka la lita, m'jumbo, mangirirani kuchingwe chochokera pa reel mwachindunji osadutsa m'timphete, nyamulani. Chingwe chiyambe kusololoka jumbo ikamanyamuka.

5. Kutchera mabuleki: apa ndi pomwe ambiri amagwera

Mukafunsa amene amaponya nyambo zikuluzikulu, akuuzani kuti manga kachitsekerero ka m'mbali mpaka nyambo izitsika pang'onopang'ono ukadina batani lomasula spool. Malangizo amenewo ndi oona kwa iwo. Kwa inu ndi msampha. Kuti kanyambo ka magalamu atatu katsike pang'onopang'ono chonchi ndiye kuti mwaitsamwitsa spool, ndipo poponya mudzafunika mphamvu za munthu wowaza nkhuni. Ine ndinataya miyezi iwiri pa zimenezi, ndikumanga n'kumanga, kanyambo kakungofika mamita asanu ndi atatu, mpaka ndinatsala pang'ono kusinthanitsa reel ndi foni yosweka galasi.

Reel ili ndi zoletsa spool ziwiri, ndipo ntchito zake n'zosiyana.

Choyamba ndi kachitsekerero kozungulira kali mbali ya chopukusira. Kameneka kamafinya mtanda wa spool kunsonga zake. Ntchito yake pa BFS ndi imodzi: kuletsa spool kusewera uku ndi uku. Dinani batani, gwirani spool ndi chala, igwedezeni kumanja ndi kumanzere. Ikamamveka kuti ke-ke-ke, mangani pang'onopang'ono mpaka phokosolo litangotha kumene. Imani pomwepo. Musakakhudzenso tsiku lonse, ngakhale musinthe nyambo.

Chachiwiri ndi buleki ya maginito, kagudumu ka manambala kali mbali inayo. Maginitowo sakhudza spool ayi. Spool ya aluminiyamu ikamazungulira pafupi nawo, pamabadwa mphamvu yoibweza, ndipo ikamathamanga kwambiri mphamvuyo imakulanso. Ikamayenda pang'onopang'ono, buleki imachita ngati palibe. N'chifukwa chake ndi yoyenera tinyambo topepuka: siivutitsa spool poyamba kuyenda, imangoigwira pamene yapenga.

Chitani chonchi. Pitani pabwalo la mpira, osati kumadzi. Chotsani mbedza pa nyambo ya magalamu asanu, kapena mangirirani nati wa bawuti wolemera chimodzimodzi. Ikani beseni pamtunda wa mapazi khumi ndi asanu. Tembenuzani buleki ifike pamapeto penipeni. Ponyani. Sipita patali, musadandaule. Mukaponya katatu motsatizana chingwe chili chogona bwino, tsitsani buleki kamodzi kokha. Katatunso, tsitsaninso. Idzafika nthawi yomwe, nyambo ili m'malere, mudzamva tizingwe tikukupizakupiza pansi pa chala chanu, ngati kachiwala kali m'dzanja. Pamenepo mwafika pamalire. Bwererani m'mbuyo kamodzi, ndipo imeneyo ndiyo nambala yanu pa nyambo imeneyo, tsiku limenelo. Mukasintha nyambo n'kuika yopepukirapo kapena yogwira mphepo, kwezani kawiri muyambirenso kutsika.

Tsopano chinthu chomwe sindinachimvepo kwa aliyense pomwe ndinkaphunzira: chingwe chikatupa, funsani kuti chatupa nthawi yanji. Pali nthawi zitatu, ndipo iliyonse ili ndi mankhwala ake.

Chikatupa pomwe mwangotaya kumene, nyambo isanapite n'komwe, vuto ndi dzanja lanu. Mwakwapula modzidzimutsa, spool yanyamuka ndi liwiro loposa la nyambo. Kukweza buleki kungathandize pang'ono, koma chenicheni n'kufatsa.

Chikatupa nyambo ili pakati pa ulendo, ndiye kuti yachepetsedwa liwiro ndi mphepo pomwe spool ikadathamanga. Kwezani buleki kamodzi kapena kawiri, kapena ponyani motsika, pafupi ndi madzi. M'miyezi ya June ndi July, chiperoni chikatsika paphiri ndi kamphepo kake kosinthasintha, ine ndimakweza ndisanaponye n'komwe, ndipo ndimasankha gombe lomwe mphepo indiwombe kumsana.

Chikatupa nyambo itagwa, palibe buleki yomwe ingakupulumutseni. Nyambo yaima, spool sinauzidwe. Wouza ndi chala chanu cha manthu. Chiyenera kugunda spool nyambo isanakhudze madzi, osati itakhudza. Maso akhale pa nyambo, osati pa reel.

Mukadziwa kusiyanitsa zitatuzi, mudzasiya kupotokola chilichonse mwachisawawa ngati munthu wofuna siteshoni pa wailesi yakutha mabatire.

Kanthu kena kobisika: ma bearing awiri omwe spool imayenderapo nthawi zina amabwera atapakidwa mafuta okhuthala. Spool ikamaoneka yaulesi ngakhale mwamasula zonse, tsegulani chivundikiro cha m'mbali, tsukani ma bearing ndi spirit, aume, kenako dontho limodzi la mafuta opepuka lotengedwa pansonga ya singano. A makina osokera, omwe telala aliyense wa pakhonde ali nawo, amagwira ntchito. Girizi ayi, mafuta ophikira ayi. Tsegulirani pamwamba pa thawulo, m'nyumba, chifukwa kawaya kotchinga bearing kakadumpha pabwalo simudzakaonanso.

6. Kuponya kwenikweni

Siyani nyambo ilendewere masentimita 20 kapena 30 kuchokera kunsonga. Chala cha mkombaphala chikole kanyanga ka kunsi, cha manthu chidine batani n'kutsalira pa spool. Chigongono chikhale pafupi ndi nthiti. Yambani ndi kuponya cham'mbali, ndodo itagona, osati kudutsa pamutu.

Bwezani ndodo m'mbuyo mofatsa, ndipo musaime. Kubwerera ndi kupita kukhale chinthu chimodzi, ngati mmene mayi amapetera ndi lichero, dzanja silidukiza pakati. Pamene ndodo ikutembenuka mudzamva kanyambo kakuikoka nsonga. Kukokako ndiye kupindika kuja. Mukaima kumbuyo n'kuyamba kuwerenga, ndodo imawongoka, mphamvu yatha, ndipo mudzabwezera ndi phewa.

Nthawi yochotsa chala imasokoneza aliyense wochokera ku spinning. Spool imachedwa pang'ono kunyamuka, ndiye muyenera kutaya msanga kuposa mmene mtima ukukuuzirani. Ngati mumaponya ndi dzanja lamanja ndipo nyambo ikungothawira kumanzere, mwachedwa kutaya. Ikathawira kumanja, mwafulumira, koma zimenezo sizichitikachitika. Podutsa pamutu, kuchedwa kumaoneka ndi nyambo kumenya pansi patsogolo panu, ndipo ndi kumene kumabala kupiringizana koipitsitsa. Nyambo ikapepuka, tayani msanga koposa.

Mukataya, chala chisathawe. Chikhale chikuyandama pamwamba pa chingwe, chikumva. Ndodo ilondole nyambo komwe ikupita.

Musathamangire tinyambo ta magalamu awiri. Khalani pa asanu mpaka mutalowetsa m'beseni kasanu mwa maulendo khumi, kenako tsikirani ku atatu ndi theka. Ana a m'dera lanu adzakuzungulirani n'kumafunsa ngati pabwalopo pali chambo. Apatseni ntchito yosuntha beseni.

7. Chikapiringizana, musakoke

Chidzapiringizana ndithu, ngakhale kwa ife akale. Dinani batani, solololani chingwe pang'onopang'ono mpaka chitakana. Yang'anani pomwe chakanirapo: mudzaona kachingwe kena kapingasa pamwamba pa chinzake ngati kagoli. Kakwezeni ndi kamtengo kotokosera m'mano kapena kasingano kolukira, kenako solololaninso. Mbedza kapena mpeni zimavulaza chingwe, ndipo chidzadukira pamenepo tsiku la nsomba yaikulu.

Zikakanika, mangani drag, kanikizani chikhadabo cha chala cha manthu pa chingwe chotupacho, pukusani theka la mzungulo, dinani batani, kokani. Kawiri katatu kagoli kamamasuka kokha. Mukatha, kumbukirani kumasulanso drag. Ndipo musakulunge chingwe pamwamba pa tizingwe tolefuka. Solololani mpaka mufike pogona bwino.

8. Kumadzi

Zomba tili ndi mwayi wa phiri. Pamwamba pake, kupitirira Ku Chawe, kuli Damu la Chagwa lomwe limadziwika ndi bass, ndipo madamu ozunguliridwa ndi mitengo chonchi ndi omwe ndodo iyi inapangidwira. Koma phirilo ndi nkhalango yotetezedwa ya boma, ndipo Damu la Mulunguzi ndi lomwe mzinda wonse umamwa, m'manja mwa Southern Region Water Board. Musangofika n'kuyamba kuponya. Pitani kaye kwa a zankhalango mufunse za chilolezo ndi malo ololedwa. Nsomba za trout, zomwe azungu anabweretsa paphiripo nthawi ya atsamunda, zili ndi malamulo akeake, ndiye funsani musanaziponyere sipina.

Bass ndi nsomba yobisalira. Musaponye pakati pa damu ngati mukudyetsa nkhuku. Funani chitsa chomira, mthunzi wa nthambi, m'mphepete mwa udzu, pomwe kamtsinje kakulowera. M'mawa kwambiri nkhungu isanachoke, ndi madzulo. Yendani mopepuka pagombe, chifukwa m'madzi oyera nsomba imakuonani musanaione. Countdown ija imamira pafupifupi masentimita 30 pa sekondi iliyonse, ndiye werengani ikagwa: atatu, pukusani, ulendo wina asanu, mpaka mupeze pomwe zili. Kanyongolotsi kapulasitiki kalekeni kafike pansi, kadumphitseni pang'ono ndi nsonga, kenako dikirani. Kudikirako ndi komwe nsomba imatola, ndipo nthawi zambiri simumva kugunda, mumangoona chingwe chikuyenda cham'mbali. Musakwapule ngati mukupha njoka. Timbedzati n'topyapyala ndi takuthwa; kwezani ndodo mofatsa uku mukupukusa.

Ku Chilwa n'kwina. Madzi ake ndi amatope, nsomba siona patali, ndipo makumba ndi matemba sizisamala za kansomba kapulasitiki. Ndinayesapo ku Kachulu. Mkulu wina amene ankasoka ukonde wake anatenga Rapala yanga, anaitembenuza uku ndi uku, n'kufunsa kuti, "Achimwene, mwati kameneka mwagula zingati?" Nditawauza, anangobweza mwaulemu ndi manja awiri, n'kuitana mdzukulu wawo kuti andikumbire nyongolotsi. Mlamba wa tsiku limenelo unagwidwa ndi nyongolotsizo. Madzi a Chilwa alinso ndi kamchere, ndiye mukapita nayo reel, ipukuteni ndi kansalu ka madzi abwino pobwera.

Amene angakwanitse ulendo wa ku Liwonde, mu Shire muli sungwa, nsomba yolusa yomwe imathamangitsa sipina ndi kasipuni mosanyengerera. Wedzani kunja kwa malire a paki ya nyama ya Liwonde, ndipo kutali ndi m'mphepete mwenimweni mwa madzi: ng'ona za kumeneko si nthano, ndipo munthu woweramira chingwe chopiringizana amakhala waiwala dziko.

9. Kuti ndodo ikhalitse

Ndodo zopepuka sizithyoka ndi nsomba kawirikawiri, zimathyoka ndi eni ake. Nsomba ikafika pafupi musaimike ndodo chilili kuti muikweze, nsonga imapindika mopitirira n'kuthetheka; igwireni mopendekera ndipo nsombayo muitenge ndi dzanja kapena kaukonde. Nyambo ikakodwa pachitsa, musalimbane nacho ndi ndodo. Lozetsani ndodo komwe yakodwa, kulungani chingwe pakamtengo, kokani ndi kamtengoko. Kukoka ndi spool kumapinda kamtanda kake, ndipo braid imacheka chala ngati lezala.

Ndodozi n'za carbon, ndipo carbon imadutsa magetsi. Mabingu akayamba paphiri m'nyengo ya dzinja, igonekeni pansi mupite pothawira. Yang'ananinso mawaya a magetsi musanaiimike.

Ponyamula, gulani paipi ya pulasitiki ya mamilimita 50 ku hardware, idulitseni motalika pang'ono kuposa chigawo chachitali, ikani kasiponji m'zitsekerero zonse ziwiri, mangani lamba wa chikwama chakale. Ndodo yanga yoyamba inalibe paipi. Ndinaipereka kuti aiike kumbuyo kwa minibasi, itakulungidwa m'chitenje, ndipo pa Matawale panakwera mayi ndi thumba la mbatata. Pofika ndinamasula chitenje n'kupeza zigawo zitatu m'malo mwa ziwiri. Paipi ya lero ndimaigwira pakati pa miyendo, ndipo pa rodibuloko ndimayamba ndine kutsegula chitsekerero asanafunse kuti muli chiyani.